KODI MLONDA WOFUULA ZOSABWERA NDI WABODZA?

M'midzi ina ya m'mbali mwa mitsinje yathu, monga ku Chigwa cha Shire ndi ku Karonga, mukhoza kuona chipilala chozikidwa m'mphepete mwa madzi, chopakidwa mitundu itatu: wobiriwira m'munsi, wachikasu pakati, wofiira pamwamba. Anthu a pamudzi amasankha mmodzi wa iwo kuti azichiyang'anira nthawi ya dzinja. Madzi akafika pachikasu, iye amauza anzake kuti akhale tcheru. Akafika pofiira, amaimbira lamya anthu a kumunsi kwa mtsinje, ndipo kumeneko wezulo ndi ng'oma zimalira kuti aliyense athawire kumtunda.

Tiyeni timuganizire munthu ameneyu ali yekha pakati pa usiku, tochi ili m'manja. Madzi apitirira pachikasu koma sadafike pofiira; patsala chikhatho chimodzi chokha. Kumapiri kukung'anima. Akafuula tsopano, mudzi wonse udzuka, amai abereka ana, nkhalamba zinyamulidwa mumdima ndi m'matope mpaka kusukulu ya pamtunda. Mwina kukamacha madzi adzakhala ataphwa, anthu nkubwerera atanyowa, wina nkupeza kuti mbuzi yake yapita ndi akuba. Adzamutcha wabodza. Koma akakhala chete kudikira kuti atsimikize, mwina pamene adzatsimikize njira yopita kumtunda idzakhala itamira kale. Achite chiyani? Ndipo akafuula, madzi osabwera, kodi walakwa?

Yankho loyamba nlosavuta. Bodza ndi kunena chimene mtima wako ukudziwa kuti si choona, ndi cholinga chonyenga mnzako. Mlonda wathu sadanyenge munthu. Adanena zimene adaona ndi zimene adaopa. Koma yankho limeneli silibweza mbuzi ya mai uja, ndipo silidzamuchititsa kudzuka ulendo wina wezulo ikadzaliranso. Nchifukwa chake tiyenera kuifukula nkhaniyi mozamirapo.

Ambiri a ife timamva za nyengo pa wailesi ngati kuti olengezawo aona kale za mawa. Sizili choncho. Akatswiri amasonkhanitsa miyeso ya mphepo, kutentha ndi chinyezi kuchokera ku zipangizo za pamtunda, za panyanja ndi za mlengalenga, nkuipereka kwa makompyuta akuluakulu. Popeza miyesoyo siikhala yangwiro, amawerengetsa kambirimbiri, ulendo uliwonse atasintha pang'ono manambala oyambira, kenaka nkuona kuti ndi maulendo angati amene aonetsa chigumula. Chimene amapeza tsono si lonjezo ai, koma kukula kwa mpata woti chinthu chichitike. Ndipo apa pali mfundo imene tikufuna owerenga athu aigwiritsitse. Tinene kuti akatswiri aona kuti mpata wa chigumula ndi magawo atatu mwa khumi. Ndani mwa ife angagoneke ana ake m'nyumba imene ikhoza kukokoloka katatu pa maulendo khumi? Tonse tithawa. Koma tikathawa nthawi zonse pamene mpata uli wotere, ndiye kuti kasanu ndi kawiri pa maulendo khumi tidzabwerera kumudzi nkupeza zonse zili bwinobwino, chikhalirecho akatswiri aja sadaphonye ngakhale pang'ono. Machenjezo opita pachabe sasonyeza kuti njira yochenjezera yaonongeka. Ndiwo mtengo umene timalipira kuti tsiku loipalo lisadzatipeze tili m'tulo.

Vuto limeneli ndi lakale ngati ntchito yeniyeniyo. Mu Okutobala 1859 mkuntho udamiza zombo zoposa 100 m'magombe a Britain, ndipo m'chombo chimodzi chokha chotchedwa Royal Charter mudafa anthu pafupifupi 450. Robert FitzRoy, amene kale adali woyendetsa chombo cha Beagle chimene adakweramo Charles Darwin, ndiye ankatsogolera ofesi yaing'ono ya boma yoona za nyengo. Mu 1861 iye adayamba kuyesa chinthu chachilendo: ankalandira miyeso pa telegalafu kuchokera m'madoko osiyanasiyana, ndipo akaona zizindikiro za mkuntho ankalamula kuti m'madokomo akweze zizindikiro pamilongoti kuti amalinyero asatuluke. Eni zombo ena adaipidwa, chifukwa tsiku lililonse limene chombo chidakhala padoko mkuntho osabwera, iwo adataya ndalama. Akatswiri anzake ankati sayansi yake njosakhwima, ndipo manyuzipepala ankamuseka akaphonya. FitzRoy adadzipha mu 1865, atalemedwa ndi ngongole, matenda a maganizo ndi chitonzo. Chaka chotsatira boma lidaimitsa machenjezowo. Koma sipadapite nthawi yaitali adawabwezeretsa, popeza asodzi ndi amalinyero adadandaula kwambiri. Taonani amene adadandaula: si amene ankawerenga phindu ali kumtunda, koma amene matupi ao ndiwo ankamira.

Kwathu kuno makolo athu adakumana ndi Napolo popanda wowachenjeza, ku Zomba mu 1946 ndiponso ku Phalombe mu Malichi 1991, pamene miyala ndi matope zochokera m'phiri la Michesi zidapha anthu mazanamazana. Lero zinthu zasinthako. Kuyambira mu 2017, pansi pa ntchito yotchedwa M-CLIMES imene idathandizidwa ndi bungwe la UNDP ndi thumba la Green Climate Fund, dziko lathu lidayamba kuyesa zipangizo zatsopano: zoyeza nyengo zotumiza zokha miyeso, zoyandama pa Nyanja ya Malawi zoyeza mafunde kuti asodzi adziwe za mwera, ndi zoyeza madzi m'mitsinje ya m'maboma monga Karonga, Salima ndi Phalombe. Mu 2022 mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, adapempha kuti pofika kumapeto kwa 2027 munthu aliyense pa dziko lapansi akhale wotetezedwa ndi njira yochenjezera msanga.

Komabe mu Malichi 2023 tidaika maliro osawerengeka. Namondwe wa Freddy sadatidzidzimutse ngati mbala. Adayambira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale, adaoloka nyanja yonse ya India akuonedwa tsiku ndi tsiku, ndipo adakhala masiku 36, nthawi yaitali kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mabuku. Pa 11 Malichi adalowanso m'Mozambique kufupi ndi Quelimane. Nthambi yathu yoona za nyengo idachenjeza masiku angapo izi zisanachitike. Ngakhale zidali choncho, phiri la Soche lidagumukira anthu a ku Chilobwe, midzi ina ya ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe idakwiririka, anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 adasiya nyumba zao.

Pambuyo pake tidamva ena akuti, "Adauzidwa, koma sadamve." Mwambi wa wosamva amene adamva nkhwangwa ili m'mutu udali pakamwa pa ambiri. Ife tikuti mau amenewa tiwalankhule mosamala, chifukwa kawirikawiri amatuluka m'kamwa mwa anthu okhala m'nyumba za njerwa zootcha pamalo okhazikika. Munthu wochita lendi pa mtsetse wa phiri akamva kuti "samukirani kumalo okwera", amayang'ana pamene ali nkuona kuti ali kale pamalo okwera. M'maganizo mwake chigumula ndi nkhani ya ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Ndipo ngakhale akadafuna kuchoka, akadapita kuti? Katundu wake akadamusiyira yani? Chenjezo losanena kumene munthu apite lili ngati kuuza wodwala dzina la nthenda yake nkumutsekera chitseko cha chipatala.

Dziko la Bangladesh lidaphunzira zimenezi ndi misozi yochuluka kuposa yathu. Mu Novembala 1970 namondwe adapha anthu osachepera 300,000 m'magombe ake. Pambuyo pake bungwe la Red Cross ndi boma adakhazikitsa gulu la anthu odzipereka a m'midzi, oyenda ndi mbendera ndi zimkuzamau, amene lero alipo oposa 70,000. Komabe mu 1991 namondwe wina adaphanso anthu pafupifupi 138,000. Ofufuza atafunsa opulumuka adapeza kuti ambiri chenjezo adalimva ndithu, koma sadachoke. Ena ankaopa akuba, ena malo othawirako adali kutali kapena odzaza, ndipo ena adati adachenjezedwapo kale kangapo popanda chochitika. Mu Seputembala 2007 anthu a m'magombe omwewo adathawitsidwa poopa mafunde a chivomezi amene sadabwere. Patapita miyezi iwiri namondwe wa Sidr atafika, ena adakana kuchokanso, ndipo anthu oposa 3,000 adafa.

Chimene tikuphunzirapo nchakuti chenjezo lililonse lopita pachabe limadya zinthu ziwiri. Limadya chuma cha wothawayo, ndiponso limadya chikhulupiriro chake mwa wochenjezayo. Zonse ziwirizi wosauka ndiye ali nazo zochepa. Wolemera akathawa pachabe wataya mafuta a galimoto. Wosauka wataya ganyu wa tsikulo, mwinanso nkhuku zimene zikadalipira sukulu ya mwana. Tsono ngati tavomereza kuti chenjezo labwino liyenera kupita pachabe nthawi zambiri kuti lipulumutse nthawi imodzi, chilungamo chikutifunsa kuti: mtengo wa maulendo opita pachabewo alipire ndani? Kusiyira wosauka yekha mtolo umenewu, kenaka nkumunena kuti ngwosamva akatopa nawo, ndiko kulakwa kwenikweni m'nkhani yonseyi, ndipo si mlonda wa pachipilala uja amene walakwa.

Anthu a ku Bangladesh sadalimbane ndi vutoli pokweza mau a zimkuzamau. Adamanga nyumba zothawirako zikwi zingapo pafupi ndi midzi, zambiri zikugwiranso ntchito ngati sukulu, ndipo adaunda zitunda zadothi zoti ng'ombe ndi mbuzi zikwerepo, podziwa kuti mlimi sasiya ng'ombe yake. Mu Julaye 2020 adayesanso njira ina. Atagwirizana kale kuti madzi a mtsinje wa Jamuna akadzaloseredwa kufika pa muyeso wakutiwakuti thandizo lidzatuluke, thumba la United Nations la ngozi zadzidzidzi lidatulutsa madola 5.2 miliyoni chigumula chisanafike pachimake, ndipo mabanja zikwi zambiri adalandira pa lamya zao ndalama zokwana 4,500 taka. Ndalamazo zidali zoti munthu alipire bwato, asamutse ziweto, agule chakudya. Madzi akadapanda kubwera, palibe amene akadauzidwa kuti abweze. Ena anganene kuti uku nkuseweretsa chuma. Ife tikuona kuti uku ndiko kugawana mtengo wa kukaika, m'malo mousenzetsa munthu mmodzi.

Pali chinanso chimene chikutidetsa nkhawa pamene makina akuchuluka. Njira zatsopanozi zili ndi mbali yothandiza akuluakulu kupanga chiganizo: kompyuta imasonkhanitsa za mvula, za mitsinje ndi za kumene anthu akukhala, nkuonetsa dera lofiira pa mapu. Nzothandiza kwambiri, ndipo sitikuzinyoza. Koma tisaiwale kuti mzere wofiira uja, kaya ndi wa pa mapu kaya ndi wa pachipilala, adaujambula ndi munthu. Kuutsitsa pang'ono ndiko kusankha kuti tizithawa kawirikawiri pachabe. Kuukweza ndiko kusankha kuti tsiku lina tidzachedwe. Palibe masamu amene angatiuze kuti moyo wa mwana mmodzi ukulingana ndi mausiku angati ogona m'kalasi. Chimenechi ndi chiweruzo cha chikumbumtima, ndipo eni mudzi amene adzathawe ndi amene adzamire ayenera kukhalapo pochipanga. Tikuopa tsiku limene mkulu wina adzati, "Makina sadaonetse kufiira," ngati kuti mau amenewo amsambitsa m'manja.

Wochenjeza nayenso ali ndi ngongole zake. Asakuze chinthu kuposa mmene akuchionera pofuna kuti anthu achite mantha, pakuti pamenepo ndiye wayamba kunama ndithu, ngakhale cholinga chili chabwino. Anene poyera kuti, "Mwina madzi safika, koma akafika sitidzakhala ndi nthawi." Anthu a kumudzi amene amadzala chimanga chaka ndi chaka osadziwa ngati mvula idzagwa bwino sangalephere kumva chilankhulo cha "mwina". Ndipo madzi akapanda kubwera, wochenjezayo abwerere kwa anthu kukafotokoza chimene chidachitika: kuti mvula idakhotera kwina, kuti mtsinje udatsala pang'ono chotere. Kawirikawiri timamva chenjezo, koma kufotokoza kwa pambuyo pake sitikumva, ndipo m'kachetechete ameneyo ndimo mumamera mau akuti "amangonama awa".

Tibwerere kwa mlonda wathu, amene tidamusiya ataima m'mphepete mwa mtsinje. Ife tikuti afuule. Koma kuti athe kufuula ndi mtima umodzi, pali zinthu zimene mudzi uyenera kukambirana mu Okutobala, kunja kuli ng'a, osati usiku wa chigumula. A mfumu ndi komiti ya pamudzi agwirizane kuti kiyi wa sukulu kapena wa tchalitchi cha pamtunda azisunga ndani. Atchule maina a anyamata amene adzanyamule agogo osayenda ndi amene adzagogode pakhomo pa munthu wosamva makutu, amene wezulo sangaimve. Asankhe amuna amene adzalondere ziweto pamalo okwera, ndipo anene pamaso pa onse chimene mudzi udzachitire banja limene labedwa chifukwa lidamvera. Agwirizanenso za lamya ya mlondayo, kuti ndani aziithira mayunitsi ndi kuitchaja, popeza mitengo ya magetsi ndiyo imayamba kugwa mphepo ikakula.