Mpira wa Charlie Brown

Ndili mwana, kwathu kudali kabuku kong'ambikang'ambika ka zithunzi zoseketsa za Peanuts, zojambulidwa ndi Charles Schulz wa ku America. Chingerezi chinkandivuta, koma nkhani imodzi ndinkaimva. Mtsikana wina, Lucy, ankagwirizira mpira pansi n'kuitana Charlie Brown kuti adzaumenye. Mnyamatayo akafika ndi liwiro, Lucy ankauchotsa, iye n'kugwa chagada. Ndinkaseka n'kumati n'chitsiru.

Schulz adayamba Peanuts mu 1950. Adamwalira pa 12 February 2000, ndipo m'mawa mwake zithunzi zake zotsanzikira zidatuluka m'nyuzipepala. Zaka zonsezo sadamulole mnyamatayo kumenya mpira uja.

Kodi kukhulupiriranso munthu amene adakupusitsa n'kupusa? Ine ndidakongozapo mnzanga ndalama kawiri, osabweza. Kachitatu ndidamukaniza, ndipo sindidalakwe. Koma ndidazolowera kukaniza aliyense, mpaka mlongo wanga atadwalitsa mwana ndidamubweza chimanjamanja. Manyazi a tsikulo adandikumbutsa kabuku kaja. Wolakwa adali Lucy, koma ine ndinkaseka wogwayo. Lero ndimaona kuti kupusitsidwa nthawi zina n'kwabwinopo kusiyana ndi kuuma mtima.