Kodi munthu wokhulupirika angakanire mtsogoleri wake?

M'maiko amene boma limatuluka m'Nyumba ya Malamulo, monga Britain, India ndi Canada, nduna yaikulu sisankhidwa ndi anthu onse monga timasankhira pulezidenti kuno. Iye ndi phungu ngati anzake, ndipo amalamulira pokhapokha aphungu ambiri akadali naye. Akamutembenukira, ayenera kutula pansi udindo kapena kuitanitsa chisankho. James Callaghan, nduna yaikulu ya Britain, anagwa motero pa 28 Malichi 1979, mavoti 311 kwa 310. Voti imodzi yokha.

Dongosolo limeneli ndimalikonda, ndipo chifukwa chake ndi cha chikhulupiriro changa. Ndinakulira mu mpingo umene abusa amakhala pa seshoni pamodzi ndi akulu a mpingo, ndipo mkulu wa mpingo, ngakhale wosauka chotani, angathe kuimirira n'kuwauza abusa kuti apa mwalakwa. Tinaphunzitsidwa kuti palibe munthu woyera mtima mokwanira kuti apatsidwe mphamvu popanda womufunsa. Davide anali wodzozedwa, komabe Natani anamulowera m'nyumba pa mlandu wa Uriya.

Koma pali funso limene limandisowetsa mtendere. Amene ayenera kufunsa nduna yaikulu ndi omwewo amene amadya naye. Otsutsa boma amatha kufuula mpaka mawu kusasa, koma chiwerengero chawo n'chochepa. Mphamvu yeniyeni yochotsa mtsogoleri ili m'manja mwa aphungu a chipani chake, anthu amene akuyembekeza unduna kwa iye, amene anayenda naye pa kampeni. Ndiye kuti dongosolo lonse latsamira pa chikumbumtima cha munthu amene ali ndi zifukwa zambiri zokhalira chete.

Mu Meyi 1940, asilikali a Britain atalephera ku Norway, aphungu anakambirana nkhaniyo masiku awiri. Leo Amery, wa chipani chomwecho cha nduna yaikulu Neville Chamberlain, anamuuza pamaso kuti achoke. Povota boma linapambana 281 kwa 200, koma aphungu ake pafupifupi 40 anavota momutsutsa, ena ambiri osavota n'komwe. Lamulo silinamukakamize kutula pansi udindo. Anamva yekha kuti anthu ake amutaya, ndipo pa 10 Meyi anasiyira Winston Churchill, n'kuvomera kukhala nduna pansi pake. Amery sanamangidwe, sanathawe m'dziko.

Ifenso dongosolo lomweli tinalilawa, ngakhale ana ambiri a lero sadziwa. Pa 6 Julaye 1964 Kamuzu Banda anali nduna yaikulu, osati pulezidenti. Pasanathe miyezi iwiri nduna zake zinamudandaulira: za tiki imene odwala anayamba kulipira m'zipatala, za kuchedwa kupereka maudindo a m'boma kwa Amalawi, za ubale wake ndi Apwitikizi a ku Mozambique, ndiponso za kuwatenga iwo ngati anyamata ake pamene anali nduna zinzake. Iye anachotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo, ndipo Masauko Chipembere atabwera kuchokera ku Canada anachitanso chimodzimodzi. Pa 8 ndi 9 Sepitembala Nyumba ya Malamulo ku Zomba inafunsidwa ngati ikadali ndi chikhulupiriro mwa nduna yaikulu, ndipo inati inde.

Pamalamulo zonse zinayenda bwino lomwe. Koma tiyang'ane amene anavotawo. Pa chisankho cha chaka chomwecho aphungu a Malawi Congress Party analowa popanda wopikisana nawo, ndipo mayina awo anadutsa m'manja mwa Kamuzu. Phungu wotere akamaimirira kulankhula, amakumbukira ndani? Amery anali ndi dera limene linamuvotera kwa zaka zambiri. Phungu wa ku Zomba anali ndi munthu mmodzi yekha womuthokoza.

Sindikufuna kuwaweruza mopepuka. Dziko linali khanda, chitaganya cha Welensky chinali chitangotha kumene, ndipo ambiri ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti kugawikana kudzatibwezera ku ukapolo. Kamuzu anali atakhala m'ndende ku Gwelo chifukwa cha ife. Munthu amene anati sindingamusiye nkhalamba imeneyi sanali wamantha nthawi zonse. Kwa ena chinali chikondi chenicheni. Ngodya zinayi za chipani zinali umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo palibe ngakhale imodzi mwa izo imene ili yoipa payokha.

Chimene ndimakana n'chakuti kukhulupirika ndi kuvomereza zikhale chinthu chimodzi. Paulo anatsutsa Petro pamaso pa anthu ku Antiokeya, ndipo sanasiye kukhala abale. Nduna za 1964 zinanena m'Nyumbamo kuti zikadali zokhulupirika kwa Kamuzu, ndipo ine ndimazikhulupirira. Zimene zinkapempha ndi zimene dongosololo linalonjeza: kuti kabineti izigamula nkhani pamodzi, nduna yaikulu ikhale woyamba pakati pa anzake, osati mwini wawo. Aphungu akanatha kumusunga Kamuzu pampando n'kumuuzanso kuti akambirane ndi anzakewo. Sanatero, ndipo mwayi wotero sunabwerenso. Mu 1966 Malawi anakhala dziko la pulezidenti ndi chipani chimodzi, mu 1971 Kamuzu anakhala pulezidenti wamuyaya. Yatuta Chisiza anaphedwa mu 1967 atalowa m'dziko ndi mfuti, Chipembere anamwalira ku America mu 1975, ndipo Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992.