Kodi Nchito Ingayende Mwini Wace Palibe?

Mwezi uno tifuna kuti tilingalire pamodzi za cinthu cimene maso athu acizolowera, kotero kuti sitifunsanso tanthauzo lace. Yendani ku Ntaja, ku Nsanama, ku Ulongwe kapena pa Balaka penipeni, ndipo mudzapeza sitoro yotsekedwa dzuwa liri pamutu. Mukafunsa, ana a pakhomo adzati mwini wace wapita kumaliro, kapena wagona ndi malungo. Katundu alimo, ogula aima pakhonde ndi ndarama m'manja, koma citseko sicitseguka, pakuti mfungulo, mitengo ya zinthu ndi maina a angongole, zonse ziri m'thumba ndi m'mutu mwa munthu mmodzi. Iye akadwala, nchito nayo idwala. Ndipo tonse tidziwa cimene cicitika akamwalira.

Tsono funso lathu ndi ili: kodi nkoyenera kuti munthu akonze malonda ace kuti aziyenda iye palibe? Alipo ena amene amati iai. Amati umenewo ndi ulesi wobvala jekete, kudya thukuta la mnzako iwe uli khale pamthunzi. Mau amenewa sitiwataya, pakuti muli coonadi cina m'menemo. Koma tiyambe ndi zimene dziko lino lidaona kale.

M'caka ca 1878 anthu ena a ku Glasgow anasonkha cuma nayambitsa kampani imene makolo athu anaicha Mandala, natuma abale awiri, John ndi Frederick Moir, kudzaiyendetsa kuno. Eni cuma anakhala kwao kutsidya kwa nyanja, ndipo ambiri a iwo sanaone ngakhale sitoro imodzi. Koma masitoro anafalikira dziko lonse, ndi nchitoyo inakhala zaka zoposa 100, eni oyambawo atagona kalekale. Sititi zonse za Mandala zinali zokoma. Amtengatenga amene anasenza katundu wace pamutu nalipidwa nsaru akadakhala ndi mau ao. Koma taonani cimene cinaigwirizitsa. Munthu ali yense anadziwa gawo lace; kanthu kali konse kolowa ndi koturuka kanalembedwa; ndipo pa nyengo yace panafika wina wodzawerenga katundu ndi kumlinganiza ndi buku.

Cinthu caciwiri akulu ambiri a pa Balaka acikumbukira ndi maso ao. Kuyambira 1970 boma la Dr Banda linalamula Amwenye kuti asiye malonda a kumidzi, ndipo pofika 1978 anali atasonkhanitsidwa m'mizinda yaikuru monga Blantyre, Lilongwe ndi Zomba. Masitoro ao anagwa m'manja mwa anthu athu, ndipo kunali cimwemwe. Koma zaka zisanapite zambiri, ambiri a masitorowo anali mabwinja, mileme ikugona m'denga. Zifukwa zinali zingapo, ndipo ticite cilungamo pozichula: eni atsopano analibe owakongoza katundu monga Amwenye anakongozana okha okha, ndi galimoto zotengera katundu zinasowa. Koma cina cinali m'nyumba mwathu momwe. Munthu analandira nyumba ndi mashelefu, koma macitidwe a nchitoyo sanawalandire. Ndarama ya sitoro ndi ndarama ya ndiwo zinagona m'mbale imodzi. Mlongo anatenga sopo, mphwace anatenga shuga, apongozi anatenga nsaru ya maliro, ndipo panalibe wolemba, cifukwa kulemba dzina la mbale m'buku kunaoneka ngati kumtukwana.

Lero nkhani imeneyi yakula, pakuti anyamata ambiri a ku Machinga ali ku Johannesburg, kumene timati ku Joni, ndi ku Durban ndi Cape Town. Atumiza ndarama kuti kwao kumangidwe cigayo, kapena kugulidwe njinga yamoto ya kabaza, kapena okala ya pamseu. Mwini wace sangakhalepo tsiku ndi tsiku ngakhale atafuna. Kwa iye funso lathu siliri la nzeru za m'kalasi. Ndi funso lakuti, kodi zaka zisanu za kuzizira ndi kuthawa apolisi zidzabala kanthu, kapena adzabwera kudzapeza injini yakufa ndi abale osalankhulana?

Ife tiyesa kuti kukonza nchito yoyenda popanda mwini wace nkoyenera, ndipo kawiri kawiri ndi mangawa. Munthu amene asunga zonse m'mutu mwace aoneka wakhama, koma pansi pa khamalo nthawi zina pagona mantha, ndi kunyada komwe. Akondwera kumva kuti popanda iye palibe cicitika. Mkazi wace wakhala naye zaka 20 osadziwa kumene apikula katundu; mwana wace wamkuru sanagwirepo mfungulo. Lamulo la 2011 la cuma ca masiye linaikidwa kuti amasiye ndi ana asalandidwe, ndipo linacita bwino. Koma bwalo lingathe kugawa nyumba ndi matumba a mcere, nzeru ya malonda silingaigawe. Imene sinaphunzitsidwe munthu ali moyo ilowa naye m'manda.

Nanga acite bwanji? Pano asodzi a pa Chilwa, monga a ku Mposa, atiposa nzeru ife a pamtunda. Mwini khoka kawiri kawiri salowa m'madzi. Alovi ndiwo apita ndi bwato. Koma pa madooko ambiri mwambo ndi wogawana zimene zaphedwa, kotero kuti matemba akacuruka, mlovi naye aona kucuruka m'dzanja lace. Munthu wotere safuna womuyang'anira kuti akoke cingwe ndi mphamvu. Ndipo nyanja ikaphwa, monga inacitira mu 1968 ndi 1995, ndi kucepa koopsa mu 2018, njala iwagwira onse pamodzi. Sititi pa dooko palibe cinyengo. Nsomba zina zigulitsidwa bwato lisanakoceze, ndipo eni makoka adziwa. Koma mwambowo wakhalitsa cifukwa wosenza nchito ali ndi gawo lace m'phindu.

Apa ndipo pali coonadi ca otsutsa aja. Mwini cigayo amene apatsa mnyamata malipiro osakwana thumba la cimanga pa mwezi, namsiyira ndarama za tsiku lonse m'manja, kenaka nkudandaula kuti anthu a masiku ano ngakuba, ayambe wadzifunsa yekha. Iye anaika nyama pamphuno pa galu wanjala. Kukhulupirika kumene afuna kwa mnyamatayo nkwa mtengo wapatali, koma afuna kukupeza kwaulere. Woteroyo ndiye akudya thukuta la wina, ndipo akhala pomwepo kapena ku Joni, mlandu wace ngumodzimodzi.

Za buku tinenepo pang'ono, pakuti ambiri aliona ngati mdani wa cibale. Ife tiona kuti limacinjiriza wanchito woona mtima koposa mwini cuma. Popanda buku, katundu akacepa, mnyamata alibe mboni. Mau ace alimbana ndi mau a bwana, ndipo tidziwa amene apambana. Buku likakhalapo, ndi tsiku lowerengera katundu likadziwika kwa onse, kukaikirana kucepa. Masiku ano lamya za m'manja zathandizapo: ciyambire Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, ndarama za tsiku zingathe kucoka m'kabati madzulo omwewo, ndipo mwini wace aona ciwerengero ali kutali. Koma lamya iwerenga zimene zatumizidwa zokha. Zitini zogayidwa osalembedwa siiziona.

Cobvuta koposa ndi mbale. Kuno kwathu, kumene mwana wa mlongo ali ndi malo akuru pa mtima wa atsibweni ace, munthu aika mphwace pa nchito cifukwa ca magazi, osayesa ngati adziwa kuwerengera. Akaononga, kumcotsa kukhala mlandu wa mudzi wonse. Ena apeza njira iyi, ndipo tiiyamikira: alemba mlendo wodziwa nchito, ndipo thandizo la abale alipatula poyera mwezi ndi mwezi, kuti ali yense adziwe kuti ici ndi ca cibale, ico ndi ca sitoro, ndipo dzanja limodzi lisalowe konse kuwiri.

Cotsala ndi ici. Mwini wace angathe kucotsa thupi lace pa nchito, koma dzina lace litsala pomwepo. Ngati sikelo ya pa okala yace iba makilo a nandolo kwa amai a ku Nsanama, sangadzikanire kuti ndinali kutali, pakuti ndiye anasankha woyeza, ndiye anaika malipiro, ndipo phindu la sikeloyo lifika kwa iye. Cifukwa cace akabwera kudzaona nchito, asangotsegula buku ndi kuwerenga matumba. Akhale pansi ndi ogula iye yekha, wanchito palibe, awafunse za mitengo ndi za muyeso. Ndipo atenge paketi ya shuga ya kilo imodzi, yosatsegula, aiike pa sikelo yace anthu akuona.