KODI NDI KUPUSA KUKHULUPIRIKA KWA TIMU YOGONJA?

Pa Loweruka masana pali anthu a mitundu iwiri. Ena asonkhana m'kanyumba ka wailesi ya kanema pa msika, naponya ndalama pa khomo kuti aone Arsenal kapena Manchester United. Ena, owerengeka okha, aima pa dzuwa m'mbali mwa bwalo la sukulu kucemerera anyamata a m'mudzi mwao, amene anagonja sabata latha ndipo kapena agonjanso lero. Oyamba aja aseka anzaowo, nati, "Mutayiranji nthawi pa mpira wa m'fumbi?" Funso limeneli liyenera kuyankhidwa bwino, pakuti likhudza cimene munthu ayenera kucitira malo amene anamlera.

Mlandu wa osekawo uli ndi mphamvu. Iwo ati mpira uli ngati nsaru ya m'sitolo: munthu apenya, nasankha yabwino, nasiya yosalimba. Ndalama njace, nthawinso njace. Bwanji azipereke kwa osewera osadziwa? Mauwa akadakhala oona ngati timu ikadakhala cinthu copangidwa kale, congoyembekeza wogula. Koma timu ya kwao kwa munthu ikhala cimene anthu ace aipanga, ndipo mbiri ya Mufulira Wanderers ionetsa ici poyera.

Timu imeneyi inabadwira pa mgodi wa Mufulira m'caka ca 1953. Ligi ya dziko lonse itayamba mu 1962, Wanderers anakhala akatswiri mu 1963, nabwerezanso kufikira kasanu caka ca 1970 cisanakwane. Ndipo pofika 1996 anali atatenga ligiyo nthawi 9. Anthu anawacha "Mighty", ndiko kuti amphamvu. Pa bwalo lao la Shinde panasewera Samuel "Zoom" Ndhlovu. Panakuliranso Kalusha Bwalya, amene anasankhidwa wosewera woposa onse mu Africa mu 1988, ndi Efford Chabala, wogwira pa golo, amene anafa pamodzi ndi anzace a timu ya dziko pa ngozi ya ndege ku Gabon mu April 1993. Masiku amenewo kukonda Wanderers kunali kosabvuta, monga kuli kosabvuta kukonda mfumu m'caka ca dzinthu.

Koma cuma ca timuyo cinali kucokera ku mgodi. Migodi ya boma itagulitsidwa, ndipo wa Mufulira utapita m'manja mwa eni atsopano mu 2000, thandizo lija linacepa. Tsono timu yopanda ndalama igwa motere: ilephera kulipira osewera ace, odziwa bwino natengedwa ndi matimu olemera, otsalawo ayamba kugonja, anthu aleka kubwera, ndalama za pa cipata zicepa, ndipo ngakhale galimoto yopitira ku masewera a kutali isowa. Cotero kugonja kubala umphawi, umphawinso ubala kugonja. Wanderers anatsika m'ligi yaikuru mu 2005, nakhala pansi zaka 9, kufikira anabwereranso mu 2015.

Pa unyolo wa tsoka umenewu, mphete imodzi yokha iri m'manja mwa munthu wamba, ndiyo kubwera kapena kuleka. Iye sangathe kukweza mtengo wa mkuwa, kapena kugoletsa cigoli. Koma akhoza kuima pa bwalo. Amene aleka kubwera cifukwa timu yafoka aonjezera kufokako, pomwe iye ayesa kuti angopenya cabe. Ndipo amene anapitirira kubvala zobiriwira ndi zoyera m'zaka 9 zija anasunga kanthu kamene timuyo inabwererako. Pakuti dzina limene anthu aleka kulichula lifa. Akale anati, "Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo."

Nanga munthu akhulupirika kwa yani, popeza osewera asintha caka ndi caka, ndipo eni ace agulitsa? Anthu a ku Wimbledon, m'mzinda wa London, anayankha funsoli ndi nchito. Mu 2002 eni timu yao analoledwa kuisamutsira ku Milton Keynes, mtunda wa makilomita ngati 90. Ocemerera ambiri anakana kuitsata. Anayambitsa timu yao-yao, AFC Wimbledon, nayamba pansi peni-peni, pa gawo lacisanu ndi cinai la mpira wa ku England. Anakwera pang'ono-pang'ono, nalowa m'ligi ya akatswiri mu 2011, ndipo mu 2020 anabwerera ku Plough Lane, pafupi ndi bwalo lao lakale. Anthu amenewa anakhulupirika kwa malo ao ndi kwa wina ndi mnzace. Osewera ochuka ndi mpando wa pamwamba anazilola zipite.

Komabe kukhulupirika kuli ndi malire ace, ndipo osekawo akhoza kuloza zoipa zeni-zeni. Alipo amene aponya miyala woimbira mpira, namenya alendo amene anadza kudzasewera, nati atero cifukwa ca cikondi. Cikondi cotere cicititsa manyazi mudzi, ndipo kawiri-kawiri cibweretsa cilango pa timu yomweyo. Aliponso amene aona akomiti akudya ndalama za nsapato ndi mipira, nakhala cete poopa kuchedwa adani. Wokhulupirika weni-weni afunsa za thumba la timu pa msonkhano, pakuti iye yemweyo adzakhalapo mawa kusenza zotsatira zace. Wopita yekha ndiye alibe cifukwa cofunsira.

Kuonera mpira wa ku Ulaya sikulakwa ai. Luso la osewera aja likondweretsa maso, ndipo anyamata aphunzirapo zambiri. Kusiyana kwace nkwakuti Arsenal sidziwa ngati munthu wa ku Katete kapena ku Petauke waonera kapena waleka. Mpando wace ulibe woulira. Koma mnyamata wa zaka 15 amene asewera koyamba pa bwalo la sukulu atukula maso kufuna atate wace ndi amalume ace, ndipo akawasowa adziwa. Mphunzitsi amene apereka masana ace kwaulere awerenga mitu ya obwera, nalingalira ngati kuli koyenera kupitirira caka ca mawa. Kalusha Bwalya nayenso anayamba ali mwana wosadziwika m'makwalala a Mufulira, ndipo panali anthu amene anaima kumpenya dziko lisanamve dzina lace.

Cifukwa cace munthu woima pa dzuwa uja sali wopusa. Iye wazindikira kuti zinthu zina zikula pokha-pokha anthu akakhalapo, ndi kuti walira mvula walira matope: wofuna kudzakondwera tsiku limene mudzi wace udzatenga cikho ayenera kulola kubwerera kunyumba wacisoni Loweruka zambiri. Ndalama yace ya pa cipata, kapena nkhuku imene apereka kuti anyamata adye pa ulendo, ndi yaing'ono. Koma mudzi umene uli ndi anthu 50 otere udzakhala ndi timu caka ca mawa, ndipo mudzi umene ulibe udzalima cimanga pa bwalo lace.