Kulawa n'kwina, kudya n'kwina

Ine kwathu ndi ku Ntchisi, kumene mwana amakula akudziwa kuti chakudya ndi nsima, zinazi n'zongonyengerera mimba. Nchifukwa chake pamene ndinatsika ndege ku Addis Ababa, likulu la dziko la Ethiopia, maso anali ndi njala koma mimba inali yokayika.

Maso anakhuta ndithu. Ndinakwera phiri la Entoto, lodzaza ndi bulugama, n'kukumana ndi amayi akutsetsereka ndi mitolo ya nkhuni, osati pamutu ngati kwathu koma kumsana. Kunyumba yosungirako zakale ndinaona chifanizo cha mafupa a Lucy, amene anafukulidwa mu 1974 atagona m'nthaka zaka zoposa 3 miliyoni.

Madzulo mnzanga wakomweko anandiikira injera. Abale inu, chinthucho n'chopyapyala, chotambalala ngati lichero, chowawasa ngati thobwa logonetsa. Amachiphika ndi ufa wa teff, kambewu kakang'ono kuposa mawere, ndipo phala lake amalisiya masiku angapo kuti lisase. Mnzangayo anakulunga ndiwo m'kachidutswa n'kundiika m'kamwa ndi dzanja lake. Mwambowu amati gursha, ulemu wopatsa munthu amene wamukonda. Ndinameza mwamanyazi, koma nditafika kuhotela ndinaitanitsa tiyi ndi buledi. Nditabwerera kumudzi, nkhani ya injera inaseketsa anthu pabawo mwezi wathunthu.

Kuseka kunatha tsiku limene ndinapatukira ku Dzaleka, m'mapiri a Dowa. Malowa anali ndende ya andale m'nthawi ya Kamuzu, ndipo mu 1994 anasanduka msasa wa anthu othawa nkhondo. Muli anthu oposa 50,000, ambiri a ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ena a ku Somalia ndi Ethiopia. Chiyambire 2014, chikondwerero cha Tumaini chakhala chikukoka ife a m'tauni kukamvera nyimbo ndi kulawa chapati ndi sombe, amene kwathu timangoti chigwada.

M'kalesitilanti kena ndinapeza injera. Mwini wake, bambo wa imvi wa ku Ethiopia, amayankhula Chichewa chomveka. Pofuna kudzionetsa kuti ndinayendako, ndinawauza za Entoto, za Lucy, ndi mmene chakudya chawo chinandigonjetsera. Kenaka ndinafunsa, "Nanga inu bambo, nsima munaizolowera?"

Anamwetulira pang'ono. "Mwana wanga, iwe unalawa. Ine ndinadya."

Mawu amenewa sandichoka. Wolawa amakhala ndi tikiti yobwerera m'thumba. Akhoza kukwinya nkhope, kukankha mbale, n'kukasandutsa zonsezo nthabwala kwawo. Wakudya alibe kokankhira mbale. Tonse awiri tinali alendo m'dziko la mnzathu, koma ine ndinali mlendo wa mame uja wokamuka dzuwa likatuluka. Iwo dzuwa lawatulukira kambirimbiri, akadali pompo. Phiri limene ine ndinakwera posangalala, mwini wake sangalione.

Tsono funso nali: kodi n'kulakwa kupita ku Dzaleka kukasangalatsa lilime pakati pa anthu osowa kolowera? Ena ati eya, kumeneko n'kuonerera tsoka la mnzako. Ine ndikuti ayi, pakuti kwacha imene ndinalipira ndi imene imagula sopo m'nyumba ya bamboyo. Cholakwa n'kukonda mbale koma osamufuna wophika. Mu 2023 apolisi atasonkhanitsa othawa nkhondo m'matauni n'kuwabwezera kumsasa, ambiri mwa ife okonda chapati tinangoti zii, ine ndemwe. Tinaiwala kuti abale athu anathawirapo ku Zambia ndi ku Tanzania m'nthawi ya chipani chimodzi, ndi kuti mu 2008 ena anabwera kuchokera ku Joni ndi zovala za m'thupi zokha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsiku limenelo injera inali yowawasa monga kale. Ndinaimaliza yonse, osasiya ndi kachidutswa komwe.