Za Mlatho ndi Pangano

Abale, taweruzani mlandu uwu. Kampani ya Apple inalamula kuti macOS, ndiwo malangizo oyendetsa kompyuta, aikidwe m'makina ace okha. Ndipo m'caka ca 2009 bwalo la ku California linatsutsa kampani ya Psystar pogulitsa makina ena okhala nawo. Koma alipo amisiri olemba driver, ndiko kapulogalamu konga cingwe cosaoneka columikiza makina otere ku intaneti, napatsa anthu kwaulere. Kodi aba? Ine nditi iai, pakuti mlathowo aumanga ndi mitengo yao; wakuswa pangano ndiye woolokapo. Iye afanana ndi mlimi wa ku Kasungu wolandira feteleza pa ngongole, nagulitsa fodya wace usiku kwa mavenda. Komatu mlimiyo amuliritsa ana anjala, pamene winayu angofuna makina otsika mtengo.