Nsalu ya chipani imalankhula mawu a yani?

Amayi anzathu mwa Ambuye, nyengo ya chisankho ikafika, misika yathu kuno ku Ludzi ndi ku Kamwendo imadzaza ndi makaka a zipani. Wina wamanga nsalu yabuluu ya DPP, wina yachikasu ya UDF, wina yofiira ya UTM, wina ya tambala wakuda ya MCP. Ife a Mothers' Union tikudziwa bwino kuti chovala chimalankhula, pakuti yunifolomu yathu yoyera ndi yabuluu imauza anthu za ife tisanatsegule pakamwa. Funso lathu lero ndi ili: mayi akavala nsalu ya chipani, akulankhula ndi iyeyo kapena amene anamupatsa nsaluyo?

Achikulire pakati pathu akukumbukira nthawi ya Dr Hastings Kamuzu Banda. Amayi ankatchedwa mbumba, ankavala nsalu yokhala ndi nkhope ya mtsogoleriyo, ndipo ankatengedwa pa malole kukavina kulikonse kumene iye akupita. Ena ankavina ndi mtima wonse. Koma mayi amene sanafune analibe pothawira, chifukwa kukana kunali kuika banja lake pamavuto. Mu 1973 boma linakhazikitsanso lamulo loletsa amayi kuvala buluku ndi siketi zazifupi. Nthawi imeneyo nsalu inkalankhula ndithu, koma mawu ake anali a boma.

Zinthu zinatembenuka ndi kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 March 1992 ndi riferendamu ya pa 14 June 1993, pamene nyali inagonjetsa tambala wakuda. Lamulo la zovala lija linachotsedwa, ndipo ndime 35 ya malamulo oyendetsera dziko a 1994 inapatsa munthu aliyense ufulu wonena maganizo ake. Choncho mayi amene wasankha yekha kuvala nsalu ya chipani chake akugwiritsa ntchito ufulu umene anthu ena anauvutikira. Tisamunyoze, ngakhale chipani chakecho ife sitichikonda.

Ufulu umenewu sunakhazikike mokwanira. Mu January 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula amayi pamsewu chifukwa chovala buluku. Mu January 2019 mayi wina wotsatira UTM anakakamizidwa kuvula malaya a chipani chake ku Mangochi, anthu akujambula. Amene amachita zotere amafuna kutseka pakamwa pa mayi pomuchititsa manyazi. Tikaona zotere tisafunse kaye kuti mayiyo ndi wa chipani chiti. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Thupi la mayi aliyense ndi lolemekezeka pamaso pa Mulungu, ndipo nkhani ngati imeneyi ndi yopita nayo kwa a mfumu ndi kupolisi.

Komabe pali mbali ina imene ife amayi akumudzi timaidziwa kuposa andale. Nsalu ya chipani imabwera yaulere. Chaka chimene mtedza ndi soya zagulidwa motchipa, mayi sangakane chitenje chatsopano. Adzaberekera mwana, adzamangira ufa pochokera kuchigayo, adzafunda usiku wa mwezi wa June. Mayi wotere sakunena kanthu za ndale, ukulankhula ndi umphawi wake. N'chifukwa chake si bwino kuwerenga mtima wa munthu pa nsalu yake, kapena kumumana dzina pa kaundula wa thandizo chifukwa anaoneka atavala mtundu wakutiwakuti. Ndipo kwa wolandirayo tikuti: nsalu si ngongole. Voti ndi yachinsinsi, ndipo chikumbumtima cha Mkhristu sichigulidwa ndi mamita awiri a chitenje.

Apa ndi pamene tikuona muyeso wake. Kuvala nsalu ya chipani ndi ufulu pokhapokha ngati mayiyo ali ndi ufulu woikana, woivula yekha akafuna, ndi wovala ina mawa popanda kuopsezedwa. Ngati wavala chifukwa cha mantha kapena chifukwa chosowa china, mawuwo si ake.

Nanga m'tchalitchi ndi pamaliro? Zololedwa ndi lamulo si zonse zimene zimamangirira mpingo. Pa Mgonero Woyera timagwada pamzere umodzi ndi kumwera chikho chimodzi, a zipani zonse. Pamaliro timasonkhana kudzalira ndi ofedwa, osati kudzaonetsa kuchuluka kwa otsatira chipani. Choncho tikupempha kuti amene ali ndi chitenje china asiye cha chipani kunyumba pa malo awiri amenewa, mwa chikondi osati mokakamizidwa. Koma tikumbukirenso chenjezo la m'kalata ya Yakobo, mutu 2, lokhudza kusankha anthu poyang'ana zovala zawo. Mayi akabwera ku Misa atamanga nsalu ya chipani chifukwa ndi yokhayo yochapa imene ali nayo, tisamubweze pakhomo kapena kumunong'oneza. Akhale nafe, ndipo nthambi yathu isonkhe kandalama mwakachetechete n'kumugulira chitenje china, kuti tsiku lina akadzavala nsalu ya chipani adzakhale atasankha yekha.

Ambuye atipatse nzeru zolemekeza ufulu wa anzathu, ndi mtima wosunga umodzi wa mpingo wake. Amen.